Chidindo cha Amalume

1. Pawindo la zilolezo

Dzina loti Kamoto anamupatsa ndi anyamata a pashopu. Ena ankati n'chifukwa cha moto umene unkathetheka akamawotcherera zitsulo. Ena ankati ayi, n'chifukwa cha mtima wake, poti mtsikanayu sankachedwa kuyaka. Onsewo ankanena zoona.

Kamoto ankagwira ntchito pashopu ya amalume ake, mchimwene wawo wa amayi ake. Ankapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi achitsulo. Msoko wake pachitsulo unkakhala wosalala ngati wasokedwa pa makina a telala.

Tsiku lina anajambula ntchito yake pafoni n'kutumiza ku kampani ina yakunja yokonza sitima zapamadzi, imene inkafuna owotcherera. Anamuyankha. Anamufunsa mafunso, anamuonerera pafoni pomwepo akugwira ntchito, kenako anamutumizira kalata yoti amulemba. Chinatsala n'chimodzi chokha: chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo. Kampaniyo inanenetsa kuti mwezi ukatha asanachipeze, malo akewo ipatsa wina.

N'chifukwa chake m'mawa wina Kamoto anali pamzere ku ofesi yopereka zilolezo za dziko limenelo. Chipinda chinali chachitali, cha mipando yachitsulo yolumikizana, fani imodzi ikuzungulira mwaulesi kudenga. Foni anamusiyitsa kwa mlonda pakhomo. Anthu ankasuntha mpando ndi mpando, aliyense atakumbatira envelopu yake ngati khanda. Kamoto anaona kuti mipandoyo anaiwotcherera mwachisawawa, ndipo zimenezo zinamuwonjezera kunyansidwa.

Dzuwa lili paliwombo, anafika pawindo. Kuseri kwa galasi kunali mayi wachikulire wovala magalasi a chingwe. Mayiyo anatsegula envelopu n'kumayala mapepala limodzilimodzi: pasipoti, zithunzi, kalata ya dokotala, kalata ya apolisi, satifiketi, kalata ya kampani. Kenako anawasonkhanitsa onse n'kuwakankhira kunja kudzera pa kampata ka pansi pa galasi.

Anamuuza kuti pakusowa kalata ya abwana ake, yosaina ndi yodinda, yonena kuti wakhala akuwotcherera kwa zaka zitatu zathunthu. Popanda imeneyo, mapepala enawo sakanawalandira.

Magazi a Kamoto anawira. Anafunsa chifukwa chake sanamuuze zimenezi ulendo wapitawo, pamene anamubweza ati zithunzi sizikuonetsa makutu. Mawu ake anakwera moti anthu a pamzere anatembenuka. Anadinikiza manja ake pagalasi, manja odzaza zipsera za moto.

"Kalata yanga ndi iyi, mayi. Kodi pepala limadziwa kuwotcherera?"

"Manjawo ndawaona, mwanangu, koma mufayilo salowa," anatero mayiyo osakweza mawu. "Lamulo sindinalembe ine. Pita ukatenge kalata kwa abwana ako."

Kamoto anatuluka atakwiya ngati njuchi zogendedwa. Foni anaitenga kwa mlonda osathokoza.

Panja, pansi pa mtengo pamene pankakhala ojambula zithunzi ndi olembera anthu mafomu, panaima bambo wina wovala jekete ngakhale kunkatentha. Nsapato zake zinali zosongoka, zonyezimira. Anthu a pamenepo ankamutchula kuti Chidule. Ntchito yake inali kuwerenga nkhope za otuluka mu ofesimo, ndipo ya Kamoto sinavute kuwerenga.

Anamutsatira mpaka kumsewu. Anamuuza kuti anthu a m'maofesi ndi choncho, amakondwa akaona mwana wa mnzawo akuvutika. Anati kalata iliyonse imene amafuna mkatimo iye amaidziwa pamtima, chovuta chimangokhala chidindo basi.

"Achemwali, geti likatsekedwa, anthu anzeru salira pageti. Amazungulira," anatero uku akumupatsira kakhadi kokhala ndi nambala yake.

Kamoto anamuyankha kuti alibe naye ntchito. Abwana ake anali amalume ake enieni, ndipo kalata akaitenga tsiku lomwelo. Koma kakhadiko sanakataye.

2. Zaka ziwiri ndi miyezi ingapo

Shopu ya amalume inali shedi yaikulu ya malata, yopanda khoma kutsogolo. Zitsulo zazitali zinali zitasanjidwa m'mbali, mageti osapenta atatsamira khoma. Pakona panali kaofesi ka matabwa, mokhala tebulo, mipando iwiri ndi kabati. Pampando umodzi nthawi zambiri pankakhala mwana wa amalumewo, msuweni wake wa Kamoto. Anyamata ankamutchula kuti Bwana Wamng'ono, poti zala zake zinkadziwa foni kuposa chitsulo.

Kamoto anawapeza amalume akuyeza chitsulo, pensulo ili pakhutu. Amalumewo anamvetsera nkhani yonse osamudula mawu. Kenako anapukuta manja, analowa mu kaofesi n'kumuuza Bwana Wamng'ono kuti atuluke. Anatenga pepala la shopu, anatsegula kabati n'kutulutsa chidindo chawo cha chogwirira chathabwa, chimene chinada ndi mafuta a m'manja. Mtima wa Kamoto unakhala pansi.

Analemba pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chawo, milomo ikutsatira cholembera. Analemba kuti mtsikanayu ndi wolimbikira, sachedwa pa ntchito, ndipo msoko wake suthyoka. Atafika pa zaka, analemba kuti ziwiri ndi miyezi ingapo.

Kamoto anagwira pepalalo. Anawakumbutsa kuti zaka zitatu zinakwana kale chibwerere pashopupo, atangomaliza sukulu. Amalume anavomera, koma anati chaka choyamba ankasesa, kupenta ndi kunyamula zitsulo. Moto anayamba kuugwira chaka chachiwiri. Kamoto anati ngakhale chaka choyambacho ankawotcherera mobisa, anthu akapita kokadya. Amalume anati ntchito imene sanaione ndi maso awo sangaiikire umboni.

"Amalume, ndi liwu limodzi lokha. Fufutani ziwiri mulembe zitatu. Ndani abwere kuno kudzawerenga masiku?"

Amalume anaika cholembera pansi n'kuvula magalasi.

"Khala pansi, mwanawe, undimvere. Kachidindo aka ukukaona kachabechabe, kathabwa ndi labala. Koma ndi nkhope yanga imeneyi. Ndikadinda papepala kuti geti ili lipirira mphepo ndi akuba, mwini wake amagona tulo osadzuka kukaligwedeza. Ndikadinda kuti zitsulo za denga la sukulu n'zolimba, ana a eni amakhala pansi pake. Anthu amandikhulupirira chifukwa sindinadindepo bodza. Tsiku limene ndidzadinde bodza limodzi, zoona zonse zimene ndinadinda kale zidzasanduka zokayikitsa.

"Ndipo usaganize kuti ndikudziteteza ndekha. Dziko la eni si khonde la amako. Kumeneko ulibe malume, ulibe mchimwene, ulibe ngakhale munthu mmodzi wokudziwa kuyambira uli wamng'ono. Mboni yako ndi mapepala ako basi. Akadzapeza kuti pepala limodzi n'labodza, sadzafunsa kuti msoko wako ndi wokongola bwanji. Adzakukweza ndege ndi zovala zimene wavalazo, dzina lako n'kuliika pa oletsedwa kulowa. Akapanda kutulukira aboma, n'kutulukira bwana wako wa kumeneko, ndiye zoipa koposa. Munthu wodziwa bodza lako ndi mwini wako. Adzakugwiritsa ntchito mpaka msana kupindika, adzakudula malipiro, iwe osadandaula kulikonse poopa kuti akuulula. Ndawaona amisiri anzanga atapita ndi mapepala okonza, n'kubwerako atawonda, opanda ngakhale nyundo m'manja.

"Miyezi yatsalayo uigwire. Ikakwana ndidzalemba zitatu ndi mtima wonse, ndipo ndidzakuperekeza ndekha pawindopo. Kampani si imodzi padziko lapansi. Iwe ndiwe mmisiri, ukudziwa kuti chitsulo chikafiira sitichitola ndi manja. Timadikira."

Kamoto anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada.

"Mukuti simunama, amalume? Nanga makasitomala akamayamikira mageti, mumawauza kuti wapanga ndani? Simuloza mwana wanu uja, amene sadziwa n'komwe poyatsira makina? Bodza limenelo ndiye labwino poti silifuna chidindo? Nenani zoona. Mukuopa kuti ndikachoka shopu igwa."

Panja makina onse anazima. Mnyamata aliyense anangoyang'ana chitsulo chake. Bwana Wamng'ono anazemba n'kupita kuseri kwa shedi.

Nkhope ya amalume inagwa. Anakhala nthawi ndithu akutembenuza magalasi m'manja. Kenako ananena motsitsa kuti nkhani ya mageti ili ndi pokambira, ndipo adzaikamba, koma cholakwa sachikonza ndi cholakwa chinzake. Anabweza chidindo m'kabati n'kutseka. Kabatiyo inalibe loko.

Kamoto anang'amba kalata ija pakati, anaponya magolovesi pansi n'kumapita.

3. Pakhonde la amayi

Amayi a Kamoto anali telala. Ankasokera pakhonde la nyumba yawo ya lendi, ndipo chimwalirire bambo ake, makina opalasa ndi miyendowo ndi amene ankawadyetsa. Madzulo amenewo anali akusoka yunifolomu ya mwana wa sukulu, mapini ali pakamwa.

Kamoto anayamba kufotokoza asanakhale n'komwe pansi. Anawatchula amalume kuti ndi ouma mtima, odzikonda, ansanje. Amayi anangopitiriza kupalasa mpaka anamaliza mpendero. Analuma ulusi, anachotsa mapini pakamwa n'kunena kuti mchimwene wawoyo waimba kale foni.

Kamoto ankayembekezera kuti amayi avala nsapato n'kupita kukawakalipira amalume. M'malo mwake anamuloza kampando.

"Mchimwene wanga ndimamudziwa kuposa iwe. Pa za mwana wake uja ndi wakhungu, ndipo ndinamuuzapo kale. Pamenepo anakulakwira, sindikubisa. Koma iwenso wamuvula pamaso pa antchito ake, munthu amene anakupatsa moto m'manja pamene ena onse ankaseka ati ntchito imeneyo si ya atsikana.

"Ine ndikufuna upite, mwanangu. Ukuganiza kuti makinawa ndimawakonda? Miyendo imatupa, maso ayamba kuchita chidima, ulusi ndimaulowetsa mongopapasa. Koma ndikufuna upite poyera, ngati munthu, kuti ukamva kugogoda pachitseko kumeneko usamathawire pansi pa bedi. Pakhonde pano ndasokera azimayi ambiri amene ana awo ali kunja. Ena amabwera akuseka, kudzasoketsa zovala zokalandirira mwana kubwalo la ndege. Ena amabwera kudzasoketsa zakuda, mwana osabwera kudzaika bambo ake, poopa kuti akatuluka m'dzikomo sadzamulolanso kulowa. Amangotumiza ndalama ya bokosi n'kumalira pafoni. Ine sindikufuna ndalama ya mwana amene sangabwere kudzandiika m'manda.

"Nsalu ukaidula uli wokwiya, umaiwononga, ndipo ikadulidwa yadulidwa. Lembera kampaniyo, uwauze zoona, uwapemphe akudikire. Akakuona kuti ndiwe wofunika, adikira. Akakana, ndiye kuti sinali yako."

Kamoto anaseka kuseka kowawa. Anati kupempha kampani kuti idikire kuli ngati kuuza basi yodzaza kuti idikire munthu amene akusamba. Anati akuluakulu ndi amodzi, amagwirizana nthawi zonse pofuna kumanga mwana miyendo, ndipo ngati amayi amakonda umphawi, iye wautopa nawo.

Amayi anangomuyang'ana, kenako n'kutenga nsalu ina.

Kamoto anakana chakudya. Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko moti kachitini ka mapini kanagwa pakhonde, mapini n'kumwazika mbwee. Ali kuchipindako anapisa m'thumba n'kutulutsa kakhadi ka Chidule.

4. Kuseri kwa makina a fotokope

M'mawa mwake Kamoto anapita kuntchito ali ndwii, osapatsa moni aliyense. Masana amalume anakwera lole kupita kokagula zitsulo. Anyamata anamwazikana kokadya. Bwana Wamng'ono anali akuwodzera pampando wake, timawaya tomvera nyimbo tili m'makutu.

Kamoto analowa mu kaofesi monyang'ama. Anatsegula kabati, anatenga chidindo ndi lisiti limodzi lakale lokhala ndi siginecha ya amalume, monga anamulangizira Chidule pafoni. Msuweni wakeyo sanagwedezeke n'komwe.

Malo a Chidule anali kuseri kwa shopu ya fotokope. Munthu ankadutsa m'kanjira kopanikiza konunkha mapepala otentha, n'kufika m'kachipinda kopanda windo. Munali tebulo, kompyuta yafumbi ndi katani yotchinga khomo la chipinda china. Pabenchi panali anthu ena akudikira, onse atazolika, osafuna kuyang'anana m'maso.

Chidule anamulandira ngati m'bale wake. Anayamba walandira kaye zake, ndalama zimene Kamoto ankasungira ulendo. Kenako zala zake zinathamanga pakompyuta, ndipo posakhalitsa kalata inatuluka, yodzaza mawu akuluakulu amene amalume sanawatchulepo chibadwire. Anaika lisiti lija patsogolo pake n'kumayeserera siginecha papepala lotha ntchito, mpaka inafanana moti Kamoto anachita nthumanzi.

Atamaliza kusaina anatambasula dzanja kuti Kamoto amupatse chidindo. Anati inki yabwino ili m'chipinda chamkati, ndipo analowa kuseri kwa katani.

Di! Kamoto anamva kulira kwa chidindo. Kenako di, di, di, osalekeza.

Anafunsa mokalipa kuti kalata imodzi ikufuna kudinda kangati. Chidule anayankha ali komweko kuti chidindocho n'chakale, labala wake wadzaza litsiro, ndiye akuchiyesa kaye kuti chituluke bwino. Kulirako kunapitirira. Kamoto ananyamuka kuti akakoke katani, koma anakumana naye pakhomo akutuluka, akumwetulira, kalata kudzanja ili, chidindo kudzanja linalo.

"Mwaona, achemwali? Amalume anu ndi munthu wabwino kwambiri. Mukanafuna, akanakulemberani ngakhale zaka zisanu."

Kamoto sanaseke. Anatsomphola zinthu zakezo. Chidule anamulangiza kuti asapite mawa lake ku ofesi ija, adikire mkuja, ati tsiku limenelo pawindo pamakhala munthu wosavuta.

Chidindo chinabwerera m'kabati lole ya zitsulo isanafike.

Chakumadzulo kunabwera kasitomala kudzatenga geti lake. Analisisita, analigwedeza, n'kuyamikira kuti mmisiri wake ndi katswiri. Bwana Wamng'ono anayandikira monga mwa masiku onse, akukonza kolala. Amalume anamudutsa n'kuloza kumene kunali Kamoto.

"Geti limeneli wapanga ndi mwana wa mlongo wanga uyo," anatero mokweza kuti shedi yonse imve. "Ndipo ngakhale mawindo amene munagula chaka chatha aja, ndi manja ake omwewo."

Anyamata anayang'anana. Bwana Wamng'ono anabwerera pampando wake mwakachetechete. Amalume anaima pomwepo kwa kanthawi, akudikira kuti mwina mwana wa mlongo wawo awayang'ana.

Kamoto anatsitsa chigoba chowotcherera kumaso n'kuyatsa makina. Kalata ya Chidule inali m'thumba la pachifuwa la ovolosi yake, ndipo moto unali m'manja mwake. Akanatha kuitulutsa n'kuiyandikiza pamenepo, nkhani n'kuthera m'phulusa. Koma mkwiyo ndi mlendo woipa, ukaupatsa mpando sufuna kutsanzika. Anang'ung'udza m'chigobamo kuti anena mochedwa, n'kupitiriza kuwotcherera.

5. Chipinda chamkati

Tsiku limene ananena Chidule litafika, Kamoto anakhalanso pamzere uja. Atafika pawindo anapeza kuti kuseri kwa galasi kuli mayi yemwe uja wa magalasi a chingwe.

Mayiyo anayala mapepala monga poyamba. Atafika pa kalata yatsopanoyo, dzanja lake linaima. Anaiyandikiza kumaso, anayang'anitsitsa chidindo, kenako anayang'ana Kamoto. Anamufunsa kuti walemba kalatayo ndani. Kamoto anati abwana ake.

"Mwanangu, ndikufunsa kachiwiri, ndipo uganize usanayankhe," anatero mayiyo motsitsa. "Mapepalawa ndisanawalandire akadali ako. Ukhoza kuwatenga n'kubwerera nawo kunyumba. Ndikawalandira, achoka m'manja mwanga ndi mwako momwe."

"Mukufuna mundibwezenso?" Kamoto anamenya pathabwa la windo. "Tsiku lija zithunzi, tsiku linalo kalata. Lero mwapeza chiyani? Kalata munkafunayo ndi imeneyo. Landirani."

Mayiyo anausa moyo. Anaika pasipoti ndi mapepala onse mufayilo n'kutseka. Kenako anakoka foni ya patebulo n'kuyamba kudina manambala, akuwerenga pa chidindo cha pakalata paja.

Kudzera pagalasi Kamoto ankangomva mbali ya mayiyo. Anamumva akupereka moni, akutchula dzina la shopu, kenako akuwerenga kalata yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako mayiyo anamvetsera, foni ili kukhutu. Atabweza foniyo anauza Kamoto kuti abwana akewo akuti adikire, akubwera.

Mlonda anamukhazika pampando wapadera, pafupi ndi chitseko cholowera mkati. Anthu a pamzere ankamuba ndi maso n'kumanong'onezana. Kamoto anawabwezera diso laukali.

Amalume anafika ali mu ovolosi yawo yobooka ndi moto, thukuta lili kamukamu, chipewa chili m'manja. Sanamuyang'ane. Anapita molunjika pawindo, anavala magalasi n'kuwerenga kalata imene mayi uja anawagwirira kuseri kwa galasi. Anaiwerenga yonse, milomo ikutsatira mawu.

"Chidindochi n'changa," anatero. "Mwanayunso ndi wanga. Koma kalatayi sindinalembe ine."

"Mwandipereka, amalume," anatero Kamoto. "Mukanangoti inde, zikanatha."

Amalume sanatembenuke. Mayi wa pawindo anati mtsikanayo akuyenera kukaonana ndi mkulu wa ofesi. Amalume anati mwana wa mlongo wawo salowa yekha m'chipinda cha anthu osawadziwa. Mayiyo anawayankha kuti ngakhale akanapanda kupempha, iwonso akufunika mkatimo.

Chipinda chamkati chinali chozizira ngati mufiriji. Kuseri kwa tebulo lalikulu kunakhala mkulu wa ofesi, bambo wa tayi ndi imvi za m'mbali. Pambali pake panali wapolisi. Anawaloza mipando iwiri.

Mkuluyo anaika kalata ya Kamoto patebulo. Kenako anatsegula fayilo ina n'kutulutsa kalata inanso, n'kuiika pambali pa yoyambayo. Anatulutsa ina, kenako ina, mpaka tebulo linadzaza mbali ndi mbali. Iliyonse inali ndi chidindo cha amalume ndi siginecha yomwe ija. Mayina ake anali a anthu amene Kamoto sanawamvepo. Wina ati anali kalipentala wa pashopupo, wina wokonza magetsi, wina woyendetsa galimoto zonyamula katundu. Mkuluyo anati makalata onsewo analowa dzulo lake, tsiku limodzi.

Kamoto anamvanso m'makutu mwake kulira kuja kwa kuseri kwa katani.

"Shopu yanu ndi yaikulu bwanji, bambo, kuti mulembe anthu onsewa?" anafunsa mkuluyo.

Amalume anayang'ana makalatawo imodzi ndi imodzi. Chipewa chinawapulumuka n'kugwa pansi, osachitola. Anati anthu amenewo sakuwadziwa, ndipo sanawaonepo.

Mkuluyo anati zimenezo aliyense amanena. Anafotokoza kuti kugulitsa makalata abodza a ntchito ndi mlandu waukulu, ndipo woyamba kuyankha ndi mwini chidindo. Anati nkhaniyo akaitula kwa oona za malonda, ndipo asadabwe shopu ikatsekedwa kufikira kafukufuku atatha.

Wapolisi anasendeza mpando wake kufupi.

"Tiyambe ndi funso losavuta, bambo. Ngati simunadinde ndinu, chidindo chanu chinatuluka bwanji pashopu? Anachitenga ndani?"

Amalume anatseka pakamwa. Kunama sakanatha. Kutchula mwana wa mlongo wawo pamaso pa wapolisi sanafunenso. Wapolisi anabwereza funsolo, amalume ali duu, maso ali pakhoma. Wapolisiyo anawauza kuti ngati asankha kukhala chete, akapitiriza kukhala cheteko kupolisi, ndipo anaimirira.

Amalume nawonso anaimirira. Anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa mulu wa makiyi a shopu. Kwa nthawi yoyamba chilowere mu ofesimo anatembenukira kwa Kamoto. M'maso mwawo munalibe ukali, munali kutopa kokhakokha. Anamugwira dzanja n'kumuikira makiyiwo m'manja.

"Ukawauze anyamata azimitse makina, atseke bwino. Amako ukawauze pang'onopang'ono, usakawadzidzimutse."

Wapolisi anawagwira pamkono.

Makiyi aja anagwa m'manja mwa Kamoto n'kulira pasimenti. Mtsikanayo anaima pakati pa wapolisi ndi chitseko.

"Dikirani, bwana. Asiyeni amalume angawo. Funso lanulo mundifunse ine."

Wapolisi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anatulutsa cholembera m'thumba, anakoka mpando n'kuutembenuzira kwa iye.